Khansala Sitimusankha Kuti Azigula Sanda

Khansala akamatsiriza zaka zake zisanu, m'makomo mwathu mumamveka funso limodzi: kodi munthu ameneyu adatithandiza? Funsoli lilibe cholakwika. Chimene chatichititsa kutola cholembera ndi mayankho amene limalandira. Ku Makanjira, ku Monkey Bay, ku Chipoka, ku Senga Bay mpaka ku Nkhotakota, mayankhowo amafanana ngati anthu adachita kupangana. Wina amati, "Adatithandiza ndithu, mayi athu atamwalira adagula sanda ndi thumba la mpunga." Wina amati, "Ameneyo ndi wouma manja, mwana atadwala usiku adakana kupereka ya mafuta." Mungathe kukhala pakhonde tsiku lonse osamva munthu akutchula zimene khansalayo adayankhula m'khonsolo, zimene adavomereza kapena zimene adakana.

Ife tikuti muyeso umenewu ndi wokhota, ndipo ukuwononga udindo umene uli pafupi ndi khomo la munthu wamba kuposa maudindo onse osankhidwa. Ntchito ya khansala iyenera kuyezedwa ndi zimene adachita ndi mpando wake. Kuiyeza ndi zimene adatulutsa m'thumba mwake ndi kumukankhira ku ngongole kapena ku katangale, ndipo amene amalipira pomaliza ndi mabanja omwewo amene ankawomba m'manja pamaliro.

Tiyambe ndi kukumbutsana chimene mpandowu uli. Ndime 146 ya Malamulo Aakulu a dziko lino imapatsa makhonsolo ntchito yoimira anthu a m'dera lawo ndi kuyang'anira chitukuko chake. M'chaka cha 1998 boma lidakhazikitsa ndondomeko yopereka mphamvu kwa anthu, ndipo Nyumba ya Malamulo idavomereza lamulo la maboma aang'ono. Kuchokera pamenepo misika, ukhondo, zinyalala, manda, malo ophera nyama, misewu ya m'midzi, mapulani a nyumba, sukulu za pulayimale ndi zipatala zazing'ono zidayamba kuwerengedwa m'manja mwa khonsolo. Bwanamkubwa kapena mkulu wa khonsolo ya mzinda pamodzi ndi antchito ake ndi amene amagwira ntchito za tsiku ndi tsiku. Makhansala ndi amene amavomereza ndondomeko ya zachuma, kukhazikitsa malamulo aang'onoang'ono a m'dera, ndi kukhala m'makomiti a zachuma, zamaphunziro, zaumoyo, zomangamanga ndi chitukuko. Mafumu aakulu amakhala nawo pamisonkhano ya khonsolo, koma savota. Voti ili ndi khansala.

Taonani mmene ntchito zimenezi zimafikira pamphasa ya banja la m'mphepete mwa nyanja. Mayi wogulitsa usipa akalipira tikiti ya msika m'mawa, ndalamayo imapita ku khonsolo. Mudzi ukasowa malo a manda chifukwa tawuni yakula, nkhaniyo ndi ya khonsolo. Malo ozingira nyama akakhala opanda madzi ndi ngalande, wofunsidwa ndi khonsolo. Mwana akamaphunzira pansi pa mtengo wa mango chaka chachitatu, dzina la sukulu yake liyenera kukhala m'ndondomeko ya chitukuko ya khonsolo, ndipo woliyika mmenemo kapena woliiwala ndi khansala. Palibe nduna imene idzabwere kuchokera ku Lilongwe kudzafunsa za chimbudzi cha padoko lanu.

Nanga zidatani kuti mpando wotere usanduke wa wogula sanda? Mbiri yake ndi yaifupi ndipo ambiri tidaiona ndi maso. Chisankho choyamba cha makhansala pansi pa lamulo latsopanolo chidachitika mu November 2000, ndipo pa anthu 100 aliwonse olembetsa, amene adakavota adali pafupifupi 14 okha. Nthawi ya makhansala amenewo idatha mu March 2005. Chisankho china chidakhala chikuimitsidwa, ndipo dziko lidakhala zaka zisanu ndi zinayi lopanda khansala ngakhale mmodzi, kufikira pa 20 May 2014. Mkati mwa zaka zimenezo mudachitika zinthu ziwiri zikuluzikulu. M'chaka cha 2006 kudabadwa thumba la chitukuko cha m'madera a aphungu, lija timalitcha CDF. M'chaka cha 2010 lamulo la maboma aang'ono lidasinthidwa, mawodi adachepetsedwa, ndipo aphungu adapatsidwa mphamvu yovota m'khonsolo. Mawodi amene adali oposa 800 m'chaka cha 2000 adali 462 pofika 2014.

Mwana wobadwa chaka chimene makhansala adachoka adafika sitandade 3 kapena 4 asadaonepo khansala. Makolo ake adazolowera kuti mjigo, mlatho, bokosi la maliro ndi fizi zonse zimachokera kwa phungu. Choncho makhansala atabwerera, adapeza chikombole chitaumbidwa kale: mtsogoleri ndi bwana wopatsa. Anthu adawalowetsa m'chikombole chomwecho, osaona kuti khansala alibe malipiro a phungu. Iye amalandira kandalama kothokozera pamwezi, ndipo wodi yake ili ndi mabanja zikwizikwi.

Tiyeni tiutsate ulendo wa khansala wolowa m'chikombole chimenechi. Chaka choyamba amakhala ndi changu. Foni yake imalira usiku ndi usana, ndipo pafupifupi kuitana kulikonse ndi kwa maliro, matenda, ukwati kapena mpira wa anyamata. Amapereka, chifukwa akudziwa kuti akakana kamodzi mbiri idzafika kumsika dzuwa lisadalowe. Chaka chachiwiri golosale yake yayamba kuchepa katundu ndipo bwato lake lagulitsidwa. Chaka chachitatu amazindikira kuti wodi yaikulu chotere siyitha sabata yopanda maliro, ndipo ndalama yake yapamwezi siyingafike pakati pa mwezi. Apa ndi pamene njira zitatu zimamutsegukira. Yoyamba ndi katapila. Yachiwiri ndi kuthamangira msonkhano uliwonse wokhala ndi alawansi, ngakhale usakhudze wodi yake. Yachitatu ndi kumvana ndi kontilakita amene wapatsidwa ntchito yomanga chipinda chophunziriramo.

Njira yachitatuyi ndi imene tiyenera kuiyang'anitsitsa. Khansala amene walandira kanthu kwa kontilakita watsekedwa pakamwa. Simenti ikachepa, khoma likang'aluka mvula yoyamba, iye sangaimirire m'komiti ya zomangamanga n'kufunsa, chifukwa wofunsidwayo akudziwa pamene envelopu idapita. Ndiye kuti sanda ija idagulidwa ndi simenti ya sukulu ya ana athu. Banja lidathokoza pamanda, ndipo banja lomwelo likutumiza mwana wake kukakhala pansi pa khoma long'aluka. Sitikunena kuti makhansala onse adayenda njira imeneyi. Alipo amene adaikana, ndipo ambiri mwa iwo adagwa pachisankho chotsatira akutchedwa ouma manja. Chizolowezi chimene chimalanga wokhulupirika ndi kukweza wogulidwa sichoyenera kuchisunga m'mudzi.

Wina angaganize kuti tikukuza nkhani yaing'ono. Akumbukire kolera amene adabuka mu March 2022 ku Machinga n'kufalikira dziko lonse. Adatenga miyoyo yoposa 1,700, ndipo Mangochi, Salima ndi Nkhotakota adali m'gulu la maboma amene adavutika kwambiri. Aliyense wokhala kunyanja akudziwa mmene madoko athu amakhalira nyengo ya usipa: anthu mazanamazana ogona pamchenga, madzi akumwa otungidwa pomwe ena akusamba, chimbudzi chimodzi chodzaza kapena osakhalapo n'komwe. Chimbudzi cha padoko, mjigo wogwira ntchito ndi lamulo la ukhondo wa pamsika ndi zinthu zimene khansala angazimenyere nkhondo m'khonsolo. Khansala amene adagula sanda khumi nthawi ya kolera koma sadaimirirepo kufunsa za chimbudzi cha padoko, tinganene moona mtima kuti adatithandiza?

Madzi nawonso atiphunzitsa. Namondwe wa Freddy atafika mu March 2023, matope ndi miyala zotsika m'phiri la Soche zidakwirira nyumba ku Chilobwe mumzinda wa Blantyre. Chaka chotsatira madzi a m'nyanja yathu adakwera n'kulowa m'nyumba ndi m'malo ogona alendo amene adamangidwa pafupi kwambiri ndi gombe. Mvula ndi mphepo sizili m'manja mwa munthu, koma funso la malo oyenera kumangapo nyumba lili m'manja mwa khonsolo ndi mafumu. Kuuza munthu amene adakuvotera kuti pamene akukumba maziko ndi panjira ya madzi kumafuna mtima wolimba. Khansala wodalira kutchuka kwa pamaliro sangayankhule mawu otere. Adzakhala chete, n'kudzabwera ndi thumba la ufa madzi atalowa kale.

Tikudziwa zimene ena adzayankhe, ndipo sitizithawa. Choyamba adzati kuthandiza pamaliro ndi umunthu, ndi sadaka, ndipo palibe angaletse munthu kuchita zabwino. N'zoona. Khansala ndi mnansi, ndi m'bale, ndipo apite kumaliro monga apitira wina aliyense, apereke monga mwa kupata kwake. Koma chopereka chimene chimalengezedwa pachimkuzamawu, n'kudzakumbutsidwa pamsonkhano wa kampeni, chasiya kukhala sadaka ndipo chasanduka malonda. Ngakhale lamulo la zipani za ndale limene lidayamba kugwira ntchito mu 2018 limaletsa kugawa ndalama kapena katundu pofuna kukopa mavoti. Komanso tisadzinyoze tokha. M'zaka zisanu ndi zinayi zopanda makhansala, kodi alipo amene adagona kunja osaikidwa m'manda? Achibale adasonkha, makomiti a m'mizikiti ndi m'mipingo adagwira ntchito yawo, anyamata adakumba manda, amayi adaphika. Maliro tidali kuwatha tokha kalekale khansala asadabwere. Chimene sitingathe tokha ndi kulowa m'chipinda cha khonsolo n'kuvota pa ndondomeko ya zachuma. Ntchito imeneyo ndiyo tidamutuma.

Chachiwiri adzati khansala alibe mphamvu, ndalama zili ku Lilongwe ndi kwa phungu, choncho bola tidyeko kochepa kamene ali nako. M'mawu amenewa muli choonadi. Ndondomeko ya 1998 idalonjeza kuti makhonsolo azilandira 5 kwacha pa 100 kwacha iliyonse ya ndalama zimene boma limatolera, kuti zikhale za chitukuko, ndipo kwa zaka zambiri makhonsolo akhala akudandaula kuti lonjezolo silikwaniritsidwa. Aphungu nawo adakhala nthawi yaitali akulamulira thumba la CDF ngati lawolawo. Koma taonani chimene chidachitika mu May 2025. Bungwe la makhonsolo la MALGA lidakasuma, ndipo khoti lalikulu, litakhala ngati khoti loona za Malamulo Aakulu, lidagamula kuti aphungu kuvota m'khonsolo ndi kulowerera kayendetsedwe ka thumba limeneli n'kosemphana ndi malamulowo. Kaya andale ayesa njira zotani pofuna kubwezera zinthu mwakale, mlanduwo udaonetsa kuti mphamvu ya khonsolo ndi chinthu chokanganirana. Anthu salimbirana mpando wopanda kanthu. Ndipo ndalama za chitukuko zikamayandikira khonsolo, m'pamene kufooka kwa khansala kumakhala koopsa kwambiri, chifukwa mlonda wogona pankhokwe yodzaza amaononga zambiri kuposa wogona pankhokwe yopanda chimanga.

Ngakhale pamene ndalama zili zochepa, khansala ali ndi zida zimene munthu wamba alibe. Angathe kufunsa kuti msika wa m'wodi yake udatolera ndalama zingati mwezi watha, ndipo zingati zidabwerera kudzakonza msikawo. Angathe kukana kuvomereza ndondomeko ya zachuma imene yaika zambiri pa maulendo kuposa pa mijigo. Angathe kupempha kuti lipoti la owerengera ndalama za boma likambidwe pamaso pa onse. Angathe kubweretsa lamulo la m'dera lothandiza makomiti a m'madoko kulimbana ndi maukonde a udzudzu amene akusesa ana a nsomba, chambo chikusowa tikuona. Zonsezi sizifuna galimoto. Zimafuna munthu wodziwa kuwerenga, wofika pamsonkhano atakonzeka, wosachita manyazi kufunsa kachiwiri. Mbewa ya manyazi idafera kuuna.

Apa tifika pa mlandu wa ophunzira athu. M'maboma a m'mphepete mwa nyanja muli aphunzitsi opuma ntchito, anamwino, akalaliki akale a m'maofesi, amalonda odziwa kusunga mabuku, ndi achinyamata ochokera kusukulu zaukachenjede. Ambiri mwa iwo ukawatchulira za ukhansala amaseka. Amati ndi ntchito ya ovina pamisonkhano ya chipani. Akafuna ndale, maso awo amalunjika pa uphungu basi. Zipani nazo zimapereka mpandowu ngati chipukutamisozi kwa amene adaimba kwambiri nthawi ya kampeni, osafunsa ngati angathe kumva pepala la ziwerengero. Zotsatira zake n'zakuti antchito a khonsolo, amene adaphunzira za ndalama ndi zomangamanga, amayang'aniridwa ndi anthu amene sangathe kuwafunsa funso lovuta. Ophunzira amene adanyoza mpandowo ndi omwewo amadzakhala pakhonde n'kumadandaula kuti khonsolo ikuba.

Komatu alipo amene sadaunyoze. M'chaka cha 2014 loya Noel Chalamanda adaima pa ukhansala mumzinda wa Blantyre wopanda chipani, adapambana, ndipo makhansala anzake adamusankha kukhala mfumu ya mzinda. M'chaka cha 2019 makhansala a mumzinda wa Lilongwe adasankha mayi Juliana Kaduya kukhala mfumu ya mzindawo. Sititchula maina awa pofuna kuyamikira zonse zimene adachita, zimenezo aweruze ndi anthu a m'mizinda yawo. Tikuwatchula kuti mwana wathu wodziwa malamulo, ndi mlongo wathu amene wakhala zaka zambiri akutsogolera gulu la amayi la banki m'khonde, aone kuti khomo la khonsolo ndi lawonso. Amayi ndi amene amatunga madzi, kugulitsa pamsika ndi kugona kuchipatala ndi ana odwala, koma m'zipinda za makhonsolo athu alimo owerengeka.

Pali enanso amene amalowa ukhansala maso ali kwina. Tsiku lolumbira lomwelo ayamba kale kuwerenga zaka zotsala kuti adzalimbane ndi phungu. Zaka zisanu zonse zimathera pa kampeni, kukangana ndi phunguyo pa mjigo uliwonse kuti dzina la ndani lilembedwepo. Kukwera sikolakwika, koma makwerero amapondedwa limodzilimodzi. Kunja kwa dziko lino kuli chitsanzo chodziwika. Sadiq Khan, mwana wa dalaivala wa basi, amene adasankhidwa kukhala meya wa London m'chaka cha 2016, adayamba ndi ukhansala m'khonsolo ya Wandsworth m'chaka cha 1994 ndipo adakhalapo mpaka 2006. Zaka khumi ndi ziwiri za misonkhano ya makomiti, madandaulo a nyumba ndi misewu ya m'dera limodzi. London ili kutali ndi Mangochi, chuma chake n'chosiyana, koma phunziro ndi limodzi: wofuna kusenza dziko ayambe waonetsa kuti angathe kusenza wodi.

Ndiye khansala timuyeze ndi chiyani? Pachisankho cha pa 16 September 2025 dziko lidagawidwa m'mawodi 509, ndipo amene adasankhidwa ali ndi zaka zoti ationetse ntchito. Mafunso oyenera kuwafunsa ndi osavuta. Pamisonkhano ya khonsolo imene idaitanidwa chaka chino, mwakhalapo pa ingati? Muli m'komiti iti, ndipo mwabweretsamo nkhani yanji ya wodi ino? Zofuna zimene komiti ya chitukuko ya m'mudzi, VDC, idatumiza ku komiti ya dera la mfumu yaikulu, ADC, zidafika pati? Chipinda chophunziriramo chija chidapatsidwa ndalama zingati, kontilakita wake ndani, ndipo adalipidwa ntchito isadathe kapena itatha? Khansala wogwira ntchito adzasangalala ndi mafunso amenewa, chifukwa ndi mpata wake woonetsa zimene anthu saziona. Wosagwira ntchito adzapsa mtima, kapena adzalowetsa dzanja m'thumba kuti nkhani ithe. Pamenepo mudzakhala mwamudziwa.

Njira zofunsira zilipo kale. Misonkhano ya khonsolo yonse ndi yotseguka kwa anthu, ndipo palibe choletsa akuluakulu awiri kapena atatu a m'mudzi kukakhala kumbuyo n'kumamvetsera. Lamulo lopatsa anthu ufulu wopeza uthenga ku maofesi a boma lidayamba kugwira ntchito pa 30 September 2020, ndipo khonsolo ili m'gulu la maofesi amene ayenera kuyankha. Mafumu, mashehe, abusa ndi makomiti a sukulu angathe kugwirizana kuti kawiri pachaka khansala aziitanidwa pabwalo la sukulu, pamalo a aliyense, kudzafotokoza zimene wachita atanyamula mapepala m'manja. Msonkhano wotere usakhale ndi nsalu za chipani, ndipo pasagawidwe ngakhale botolo la zakumwa.

Kwa inu makhansala, mawu athu ndi awa. Wakutsina khutu ndi mnansi. Tikudziwa kuti foni yanu siyigona, ndipo kukana munthu wolira n'kowawa. Koma mudalumbira kutumikira wodi yonse, kuphatikizapo mabanja amene sadziwa nambala yanu. Uzani anthu poyera, kuyambira chaka choyamba, kuti ndalama zanu n'zochepa ndipo simudzazifunafuna m'njira zamdima. Werengani mapepala a msonkhano usiku wake. Yendani pamalo omanga simenti isadaume. Mukamaliza zaka zanu, siyani zinthu zimene munthu angaloze ndi chala, ndi mabuku amene wolowa m'malo mwanu angatsegule popanda mantha.

Ndipo kwa inu eni makomo, bambo ndi mayi amene mumakambirana za voti pamphasa madzulo: maliro akagwa, sonkhani monga mwa mwambo wathu, ndipo khansala akabwera mpatseni malo pakati pa anansi ena. Tsiku lotsatira, kapena sabata yotsatira, mukakumana naye pamsika, mufunseni za chimbudzi cha padoko, ndipo mumuuze kuti mudzafunsanso mwezi wamawa.